Mwamuna wa pa Facebook: kwawo n'kuti?

Imelo iyi yagona masiku anayi ndisanaiyankhe. Yachokera kwa mayi wa zaka 33, mphunzitsi ku Zomba. Akuti kwa miyezi isanu wakhala akucheza ndi bambo wina amene anadziwana naye pa Facebook, sanaonanepo maso ndi maso, ndipo akufunsa ngati intaneti ndi malo abwino opezerapo banja. Kumapeto analemba kuti, "chonde musandiseke."

Achemwali, ine sindingakusekeni. Mawu omalizawo ndi amene andisowetsa tulo, chifukwa inenso ndinawanenapo mumtima, ndipo ndi amene anandigwetsa m'mbuna.

Chaka cha 2018 ndinali ndi zaka 31. Amene anafikapo msinkhu umenewu asali pabanja akudziwa mmene zimakhalira. Chinkhoswe chilichonse chimene wapita, azakhali amakukokera pambali n'kufunsa kuti, "Nanga ife tidzavina liti?" Ndalama za pelekanipelekani umataya pa maukwati a ana amene unawabereka kumbuyo ali makanda. Kuntchito ndinkachoka dzuwa litalowa, kufika kunyumba ku Area 25 kuli mdima. Kutchalitchi amuna a msinkhu wanga onse anali ndi mphete. Anthu amati "tuluka ukaonane ndi anthu", koma sanena kuti utulukire kuti, nthawi yanji, ndi ndalama ziti. Foni ndiye inali m'manja.

Bambo wina ananditumizira friend request mwezi wa June. Tinali ndi anzathu ofanana 11, ena a iwo ndinaphunzira nawo kusekondale, choncho ndinavomera mtima uli m'malo. Anati kwawo ndi ku Ntcheu koma amagwira ntchito yowotcherera zitsulo ku Johannesburg. Poti nthawi ya ku Joni ndi ya kuno ndi imodzi, meseji yake inkafika 5 koloko m'mawa, iye akupita kuntchito ine ndikutereka madzi osamba. "Mwadzuka bwanji mayi?" Tsiku ndi tsiku, osaphonya. Munthu amene wakhala zaka akudzuka m'nyumba ya zii amadziwa kulemera kwa mawu atatu amenewo.

Ndikufuna mumvetse bwino apa. Sanali munthu wabodza wa zithunzi zakuba. Tinkaimbirana pa vidiyo, nkhope inali yake, dzina linali lake, ntchito inali yoona, ndinkaona ngakhale zipsera za moto m'manja mwake. Malangizo amene mumamva akuti "muimbireni pa vidiyo kuti mutsimikize" ine ndinawatsata onse. Mwezi wa December anabwera pa basi, ulendo wautali uja wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete. Tinakumana masana m'tauni, pamalo pa anthu ambiri. Anandibweretsera bulangeti ndi mafuta onunkhira. Anali waulemu, wosathamangira zogonana. Nditamufunsa zoti ndikaone kwawo, anati ino ndi nyengo yolima, amalume ali kumunda, tidikire akadzabweranso. Zinamveka zanzeru. Ndinavomera.

Mwezi wa March anandiuza kuti amayi ake adwala, agonekedwa, ndipo abwana sanamulipire. Anapempha kuti nditumize K60,000 pa foni ya mchemwali wake, adzandibwezera. Potumiza panatuluka dzina la munthu wamkazi, la bambo lofanana ndi lake. Ndinati ndi mchemwali wake ndithu. Ndinatumiza katatu m'miyezi iwiri.

Tsiku lina Lamlungu nditachoka kutchalitchi, ndinaganiza kuti si ulemu kumangotumiza ndalama osazonda wodwala ngakhale ndi mawu. Ndinaimba nambala ija. Anayankha mayi, mwana akulira chapafupi. Ndinati, "Ndine bwenzi la achimwene anu a ku Joni, ndimafuna ndimve mmene amayi adzukira." Kunali zii kwa kanthawi. Kenako anati, "Achimwene anga ati? Amenewo ndi amuna anga. Apongozi anga ali kudimba, sanadwale."

Iye anauzidwa kuti ine ndi mmodzi wa anthu aja amene amalandira marandi ku Joni n'kumapereka makwacha kuno. Tonse awiri tinkadyetsedwa bodza m'mbale imodzi. Tinalankhula pafupifupi ola lathunthu, tonse tikulira. Anali ndi ana awiri, ndipo anakhala limodzi zaka zisanu ndi ziwiri. Nditamufunsa bambo uja usiku womwewo, anati, "Ameneyo ndi mayi wa ana anga chabe, sitinamange ukwati." Mawu amenewa mukawamva, achemwali, dzukani. Ngakhale lamulo la maukwati la 2015 limanena kuti anthu amene akhala limodzi ngati mwamuna ndi mkazi kwa zaka zosachepera zisanu, khoti likhoza kuwaona kuti ndi banja, kaya panalibe mphete. Mawa lake anandibuloka.

Ndalama zija sizindiwawa kwenikweni, zinadyetsa ana osalakwa. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi anzathu 11 aja. Pambuyo pake ndinadziwa kuti atatu mwa iwo ankadziwa bwinobwino kuti munthuyo ali ndi mkazi, mmodzi mpaka anali woyandikana naye mudzi. Koma sindinawafunse. Miyezi khumi ndi umodzi sindinauze munthu, ngakhale mkulu wanga amene timagawana naye chilichonse. Chifukwa chake? Manyazi. Ndinkaopa kumva kuti, "Munthu wophunzira ngati iwe, mwamuna wa pa Facebook?" Mbewa ya manyazi inafera kuuna, akulu ananena kale.

Ndiye anthu akamanena kuti intaneti ndi imene ikuononga atsikana, ine magazi amawira. Amene akutiononga ndi inu oseka. Inu amene mumafunsa mkazi chaka ndi chaka kuti akwatiwa liti, ndiye akayesa njira imene ali nayo mumamutcha wosowa, wotchipa. Kuseka kwanuko ndi kumene kumachititsa kuti zibwenzi izi zizichitikira mumdima, ndipo wakuba amakonda mdima. Mwamuna wonyenga safuna luso lalikulu, amangofuna mkazi amene sauza aliyense.

Komanso tisamanamizane ngati kufunsirana patali kwayamba ndi foni. Agogo anga aamuna anapita kumigodi ya ku Joni pa Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya kumigodiko, Kamuzu asanaimitse ulendowo mu 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown n'kupha a Malawi ambiri obwerera kwawo. Agogo aakazi anafunsiridwa ndi kalata, m'kati muli chithunzi cha mnyamata wovala jekete ndi chipewa, mwina zobwereka. Nawonso ankadzikongoletsa ngati mmene anthu amachitira ndi zithunzi za masiku ano. Koma taonani njira imene kalatayo inayenda. Inafikira kwa amalume awo. Poti amalumewo sankatha kuwerenga, anaitana aphunzitsi a pamudzi amene anaiwerenga mokweza pakhonde. Sabata isanathe, munthu anatumidwa kumudzi kwa mnyamatayo kukafufuza: ndi mwana wa yani, kwawo amalima, anasiyako mbeta yotomera, ali ndi mkamwa motani akaledzera. Agogo anga sanasankhe okha mumdima. Meseji ya pa WhatsApp imafika pansi pa bulangeti, pakati pa usiku, kwa munthu mmodzi yekha amene mtima wake wayamba kale kupendekeka.

Ankhoswe timawaona ngati anthu ongonyamula nkhuku ndi mpeni pa tsiku la chinkhoswe. Ntchito yawo yeniyeni ndi yakuti munthu akalakwa pali pomukafunira. Mwamuna amene watumiza amalume ake waika nkhope ya banja lake lonse pa chikole. Uyu wa pa foni, akatopa nanu amadina kamodzi basi, mwafufutika.

Ena amati, "Bwanji osangodikira wa kutchalitchi?" Ndikupepesa, koma onyenga ali m'kwaya momwe. Ndaona mabanja omangidwa paguwa akutha chaka chisanathe chifukwa mwamuna anabisa mwana, anabisa ngongole, anabisa zotsatira za magazi. Ndaonanso msuweni wanga amene anadziwana ndi amuna ake pa gulu la WhatsApp la anthu amene anaphunzira sukulu imodzi. Iye ku Lilongwe, mwamunayo ku Mzuzu. Mwezi woyamba womwe anatiuza tonse. Mwezi wachiwiri mwamunayo anakwera basi kudzaonekera, wachinayi amalume ake anafika ku Dedza. Lero ali ndi mwana, ndipo ndi banja limene ndimalisirira. Foni yomweyo, bandulo yomweyo.

Za mapulogalamu ngati Tinder

Ena amandifunsa za amenewa. Tinder inayamba mu 2012 ku America, ndipo imayendera kuyang'ana chithunzi n'kukankhira kumanja kapena kumanzere. Kuno ogwiritsa ntchito ambiri ali m'matauni, ndipo kwa ine Facebook ndi magulu a WhatsApp ndi kumene zibwenzi zathu zambiri zimayambira. Ubwino wa Facebook ndi woti imakuonetsani anthu amene nonse mukuwadziwa. Chuma chimenecho ine ndinachisiya chili pomwepo.

Chinthu chimodzi ndikupemphani ndi misozi: musatumize chithunzi muli maliseche, kaya wakulonjezani chiyani. Tonse taona atsikana akufalitsidwa m'magulu, ena mpaka kusiya sukulu ndi ntchito, pamene wofalitsayo akuyenda mutu uli m'mwamba. Ngati zinakuchitikirani kale ndipo wina akukuopsezani nazo, lamulo loona za pa intaneti la 2016 limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu pa njira zimenezi. Sungani mameseji onse, pitani kupolisi mukafunse ofesi ya Victim Support Unit. Wolakwa ndi iyeyo.

Ndabwerera kwa inu, aphunzitsi a ku Zomba. Inde, munthu wabwino mukhoza kumupeza pa intaneti, ndipo palibe chochititsa manyazi. Koma miyezi isanu yakwana. Sabata ino uzani munthu mmodzi wamkulu amene mumamukhulupirira, mumuonetse dzina ndi chithunzi. Funsani anzanu amene nonse mukuwadziwa. Mukumane masana, pa anthu, wina akudziwa kumene muli. Ndalama musatumize, ndipo akakupatsani nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya munthu wina, imbani nambalayo kaye, poti kuyambira 2018 manambala amalembetsedwa ndi chitupa ndipo kuseri kwake kuli munthu weniweni amene angakuuzeni zambiri. Zikapita patsogolo, mukayezetse magazi limodzi, muone zotsatira ndi maso anu.

Koma choyamba, usiku uno akakulemberani, mufunseni mosazungulira: kwanu ndi mudzi uti, mfumu yake ndani, amalume anu ndi ndani, ndipo ndingawaimbire liti? Akapereka dzina ndi nambala, imbani. Akayamba za kumunda ndi za nyengo ngati mmene anachitira wanga uja, musadikire December. Mundilemberenso mundiuze chimene wayankha, ndikhala ndikuyembekezera.