Romeo ndi Juliet: chinali chibwana kapena chikondi, nanga anawapha ndani?

Achemwali, mwafunsa kuti kodi za Romeo ndi Juliet zija chinali chikondi chenicheni kapena chibwana chabe, komanso kuti pa imfa yawo olakwa ndani, poti mwana wanu wabwera nalo funsoli kuchokera kusukulu. Anthu ambiri amangoti anali ana opupuluma, akanamvera makolo sakanafa. Ine pamenepo ndimakana ndithu, ndipo ndiyankha motalikitsa pang'ono chifukwa nkhaniyi imandikhudza.

Zoti anapupuluma ndikuvomera. Juliet anali ndi zaka 13, kunali kutatsala masabata awiri ndi masiku pang'ono kuti akwanitse 14, tsiku lake lobadwa ndi 31 July. Romeo naye mmawa wa tsiku lomwe anakumana ndi Juliet anali akulira za mtsikana wina, Rosaline, amene sankamufuna nkomwe. Anakumana Lamulungu usiku kuphwando, Lolemba masana akwatirana kale, sabata isanathe onse ali mmanda. Ndipo William Shakespeare anachita dala zimenezi. Nkhaniyi sanaiyambe ndi iye, anaitenga mu ndakatulo yaitali ya Arthur Brooke ya 1562, mmene zinthu zimatenga miyezi ndipo mtsikanayo ndi wamkuluko, pafupifupi zaka 16. Iye polemba sewero lake cha mma 1595 anachepetsa zaka za mtsikana nkupanikiza zonse mmasiku ochepa kuti oonera amve mmene zinthu zikuthamangira, palibe olo mmodzi wopeza mpata wokhala pansi nkuganiza.

Koma kupupuluma sikutanthauza kuti chinali chabodza ayi. Tamumvetserani Juliet usiku uja akuyankhula ndi Romeo ali pakhonde lammwamba. Ndi iyeyo amene akunena kuti izi zachitika mwadzidzidzi kwambiri, zikumuopsa ngati mphezi. Ndi iyeyonso amene akumuuza mnyamatayo kuti ngati cholinga chako ndi ukwati unditumizire mawu mawa, ngati ndi zongoseweretsana undisiye. Mwana wachibwana sayankhula choncho. Ndipo mayeso atabwera, Romeo atapha Tybalt, msuweni wa Juliet, mtsikanayo analira inde koma sanamutaye mwamuna wake.

Tsono za chidani cha mabanja awo awiri, a Montague kwawo kwa Romeo ndi a Capulet kwawo kwa Juliet. Funsani aliyense amene anawerenga bukuli pokonzekera MSCE kuti a Montague ndi a Capulet anayambana chani, palibe angakuuzeni, chifukwa mu sewero lonse mulibe pamene ananena. Ndi chidani chakalekale basi, chongolandira. Ndewu yoyamba ija mu msewu wa mumzinda wawo wa Verona sanayiyambe ndi eni mabanja, anayiyamba ndi antchito, Sampson ndi Gregory, wina kungoluma chala chachikulu moyang'ana antchito a mbali inayo, komwe kumeneko kunali kutukwana, basi malupanga asololedwa. Chomwe ambiri sachiona nchakuti madala aja anali atayamba kutopa nazo. Bambo Capulet akuuza Paris, mnyamata amene ankafunsira Juliet ukwati, kuti kwa nkhalamba ngati ife kusunga mtendere sikovuta. Kuphwando kuja Tybalt atamuzindikira Romeo ndi mawu nkuitanitsa lupanga lake, ndi bambo Capulet omwewo amene anamukalipira kuti musiye mnyamatayu, mzinda wonse umamuyamikira kuti ndi wakhalidwe, mnyumba mwanga muno sumukhudza. Ganizani, bambo ake a Juliet akuyamikira Romeo ndi pakamwa pawo! Ndiye kuti mwayi unalipo ndithu olo unali wochepa, kungoti panalibe munthu wamkulu amene analimba mtima kukayankhula nawo.

Apa mpamene pagona yankho langa. Kwathu kuno ana awiri akafunana, olo makolo atakhala kuti samwerana madzi, pamapezeka ankhoswe, amalume, munthu wonyamula mawu kupita nawo kubwalo linalo nkukalandira matukwano mmalo mwa anawo mpaka mitima itatsika. Romeo ndi Juliet analibe munthu wotero. Akuluakulu amene ankadziwa anali awiri okha, mlezi wa Juliet amene anamuyamwitsa kuyambira ali khanda, ndi wansembe uja Friar Laurence, ndipo onse awiri anasankha kubisa. Wansembeyo anavomera kuwadalitsa ukwati mwachinsinsi poganiza kuti ukwatiwo udzayanjanitsa mabanja, cholinga chabwino inde, koma ukwati wobisa ungayanjanitse bwanji anthu amene sakuudziwa?

Onani zomwe chinsinsi chimenecho chinabala tsiku lomwelo. Tybalt akumuputa Romeo pamsewu, Romeo akukana ndewu, akumuyankha mofatsa kuti ndili ndi chifukwa chokukondera chomwe iwe sukuchidziwa, poti tsopano ndi mlamu wake, koma sangathe kutchula. Mnzake Mercutio, osadziwa kanthu, akuona ngati Romeo wagwidwa mantha ndipo akuchititsa manyazi, ndiye akusolola lupanga iyeyo. Romeo akulowa pakati kuti aleretse, Tybalt nkumubaya Mercutio kudutsira kunsi kwa mkono wa Romeo yemweyo. Mercutio sanali wa Montague kapena wa Capulet, anali mbale wa Prince Escalus wolamula mzindawo, ndipo akufa anatemberera mabanja onse awiri. Akanadziwa kuti mnzake wakwatira masana omwewo sindikhulupirira kuti akanalowerera ndewu ija. Apa Romeo naye ali ndi mlandu wake, sindimuikira kumbuyo, mkwiyo unamugwira nkupha Tybalt, pamene lamulo likanathana naye Tybalt yo poti Prince anali atalengeza kale kuti woyambitsanso ndewu mumsewu adzaphedwa. Mapeto ake anapirikitsidwa mu Verona nkuthawira ku mzinda wina wa Mantua.

Koma gawo limene limandiwawa kwambiri ndi la mmawa wa Lachiwiri, Act 3 Scene 5. Romeo wangotsika kumene pawindo, Juliet maso ali ofiira, mayi ake akulowa ndi uthenga woti Lachinayi ukwatiwa ndi Paris. Kumbukirani bambo omwewa masiku awiri apitawo anamuuza Paris kuti mwanayu ngwamng'ono, dikira zaka ziwiri, ndipo uyambe wamukopa mtima chifukwa ine ndidzavomera amene iye wamufuna. Lero asintha osamufunsa. Mwana akugwada pansi kupempha kuti atate ndimvereni mawu amodzi okha, iwo akumutukwana, akuti zala zanga zikuyabwa kufuna kukumenya, ukakana ndikukoka pansi mpaka kutchalitchi, apo ayi tuluka uzikapemphetsa, ukafe ndi njala mumsewu, sindidzakuyesanso mwana wanga. Atembenukira kwa mayi ake kuti chonde ingochedwetsani ndi mwezi umodzi, olo sabata imodzi, mayi akuti usandiyankhule, ndathana nawe. Watsala mlezi, mayi amene ananyamula mauthenga onse, amene anabweretsa makwerero a chingwe oti Romeo akwerere. Juliet akumufunsa kuti ndichite bwanji, ndipo iye akuti ingokwatiwa ndi Paris yo, Romeo pafupi ndi Paris ndi kansanza kotsukira mbale, ndipo poti anathamangitsidwa ali ngati wakufa kale. Mwana wa zaka 13, akuluakulu atatu kumufulatira mmawa umodzi. Nchifukwa chake anafika kwa wansembe ali ndi mpeni mmanja.

Ndipo wansembe naye, mmalo mopita kwa bambo Capulet kukanena kuti mwana wanuyu ndinamudalitsa kale ukwati sangakwatiwe kawiri, anamupatsa mankhwala oti aoneke ngati wafa kwa maola 42. Anaonjezera bodza lina pamwamba pa loyamba lija. Juliet pobwerera kunyumba ananamizira kuti wavomera, bambo ake mwachisangalalo nkusuntha ukwati kuchoka Lachinayi kubwera Lachitatu, nthawi yotumiza uthenga ku Mantua nkuchepa ndi tsiku lathunthu.

Ena amati zonsezi linali tsoka chabe, nyenyezi zawo zinali zoipa, ndipo sewerolo limayambadi ndi mawu otero. Zoona tsoka lilipo. Friar John, wansembe wina amene ananyamula kalata ya Friar Laurence yomuuza Romeo kuti Juliet sanafe zenizeni, anatsekeredwa mnyumba ndi oyang'anira zaumoyo poganiza kuti munali mliri, kalata siinafike, mmalo mwake anafika ndi Balthasar wantchito wa Romeo ndi uthenga woti Juliet wamwalira. Romeo anagula poizoni kwa wogulitsa mankhwala wina wosaukitsitsa ndi ndalama zagolide 40, munthuyo akudziwa kuti ku Mantua kugulitsa poizoni chilango chake ndi imfa koma njala inamukakamiza. Komatu moyo wa ana awiri unafika bwanji podalira kalata imodzi? Anaufikitsa pamenepo ndi anthu, osati nyenyezi. Ndipo kumanda kuja Juliet atadzuka nkupeza Romeo wafa, wansembe atamva phokoso la alonda anathawa nkumusiya mwanayo yekha ndi mitembo, pambali pali mpeni wa Romeo.

Anafa anthu 6, Mercutio, Tybalt, Paris amene Romeo anamupha kumanda kuja, Romeo, Juliet, ndi mayi ake a Romeo amene anamwalira ndi chisoni mwana wawo atapirikitsidwa. Asanu mwa iwowa ndi achinyamata. Eni ake chidani, madala awiri aja, anatsala amoyo, nkugwirana chanza pamanda, nkulonjezana kuti aimika zoumba zagolide za ana awo. Prince nayenso anavomera kuti analekerera mkanganowu nthawi yaitali ndipo wataya abale ake awiri, Mercutio ndi Paris.

Ndiye mwana wanuyo akamayankha asangolemba kuti chidani cha mabanja ndicho chinawapha nkusiyira pomwepo, aliyense alemba zomwezo. Muuzeni aonetse mmene chidanicho chinagwirira ntchito, kuti chinawakakamiza kubisa, ndipo imfa iliyonse kuyambira ya Mercutio inatuluka mu kubisako. Awerenge Act 1 Scene 2 pomwe bambo Capulet akuti mwana wanga adikire zaka ziwiri, kenako atsegule Act 3 Scene 5, aike ziwirizo pamodzi. Ngati mungathe muwerenge naye mokweza, inu mukhale Lady Capulet iye akhale Juliet, kenako mumufunse kuti akanakhala iyeyo mmawa umenewo akanapita kwa ndani.