Tsiku limodzi ku Nagasaki: kodi tiyende tokha?

Mayi wina wandilembera imelo. Iwo ndi amuna awo akwera sitima yapamadzi ya alendo yomwe idzaime ku Nagasaki, ku Japan, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo. Akufunsa ngati alipire basi yoonetsa malo imene a sitimayo akugulitsa kapena angoyenda okha, komanso ngati nthawi ingawakwanire kukafika pa Hashima, chilumba cha mgodi wakale wa malasha chomwe pano sipakhala anthu.

Amayi, ndalama ya basi ija sungani. Sitima zambiri zimakocheza pa Matsugae, m'tauni mwenimweni, ndipo mukatsika n'kuyenda pang'ono mupeza tiramu, kasitima kamagetsi koyenda mumsewu. Mumakwerera chitseko chakumbuyo, n'kulipira kutsogolo potsika. Mtengo ndi umodzi ngakhale mupite kutali, ndiye sungani ma yen achitsulo m'thumba. Pasipoti nayo isakhale m'sitima, lamulo lawo limafuna kuti mlendo aziyenda nayo.

Yambani ndi kutali, muzibwerera cha ku doko dzuwa likamapendeka. Kutaliko ndi ku Urakami, kumene bomba la atomiki linaphulika pa 9 Ogasiti 1945, nthawi ili 11:02 m'mawa. Kwerani tiramu nambala 5, musinthe pa Shinchi Chinatown kukwera nambala 1. Mu nyumba yosungiramo zinthu za bombalo muli wotchi yapakhoma yopindika, mivi yake itaima pa 11:02, ndi mabotolo amene anasungunuka n'kumatana. Musathamange m'menemo. Anthu a basi amapatsidwa mphindi zowerengeka kenako wina amakweza kambendera kuti tiyeni. Inu mukhala mpaka mtima utakhazikika, ndipo chifukwa chachikulu choyendera nokha ndi chimenechi. Peace Park, paki yokumbukira ophedwa ndi bombalo, ili pomwepo, theka la ola likukwanirani.

Nkhomaliro idyani champon. Ndi manudulo onenepa mu msuzi woyera, muli kabichi, nyama ya nkhumba ndi za m'nyanja. Anayambitsa ndi Mtchaina wa ku Fujian, mwini malo odyera a Shikairo amene anatsegulidwa mu 1899, pofuna kukhutitsa ophunzira a kwawo ndi ndalama yochepa. Shikairo ilipo mpaka lero pafupi ndi doko, koma masana mzere umatalika. Ku Chinatown champon ali paliponse. Ngati simudya nkhumba nenani msanga, poti ngakhale msuziwo amaphikira mafupa ake. Musasiye tipu (ndalama yothokozera woperekera zakudya) patebulo, angakuthamangireni nayo poganiza kuti mwaiwala.

Dejima, kachilumba kochita kumanga komwe Adatchi ankatsekeredwa kuyambira 1641 pochita malonda, lowani ngati miyendo ikadali ndi mphamvu. Ine ndingasankhe tchalitchi cha Oura. Chikhristu chinali choletsedwa ku Japan kwa zaka zoposa 250, ndipo tchalitchichi anamangira azungu okhala mumzindamo. Pa 17 Malichi 1865 kagulu ka alimi a ku Urakami kanalowamo n'kunong'oneza wansembe wa ku France, Bernard Petitjean, kuti nawonso ndi Akhristu. Anali atasunga ubatizo ndi mapemphero mobisa, mibadwo ingapo popanda wansembe. Ndi Urakami yemweyo amene mwachokako m'mawa. Kumtunda kwa tchalitchicho kuli Glover Garden, pomwe pali nyumba ya 1863 ya Thomas Glover, wamalonda wa ku Scotland. Mtunda wake ndi woopsa koma anaikapo masitepe oyenda okha, ndipo mukafika pamwamba sitima yanu mumaiona ili apo.

Za Hashima, ayi ndithu. Boti limadya maola pafupifupi atatu, ndipo mafunde akakula simuloledwa kutsika pachilumbapo. Mukachedwa pa ulendo umene mwakonza nokha, sitima sidikira munthu. Onani nthawi yobwerera m'sitima imene alemba pakhomo potsika, muchotsepo ola lathunthu. Olalo mugulire castella, keke yofewa imene inabwera ndi Apwitikizi, m'mashopu a mumsewu wotsetsereka wochokera ku Oura. Poyamba amakulawitsani kachidutswa.