Masabata asanu amenewo ine ndinawaona

Achemwali, advance imeneyo, ndalama yomwe amakupatsiranitu podikira malipiro oyamba a Universal Credit (thandizo la ndalama la boma la UK), ndi ngongole, munthu asakuuzeni kuti ndi thandizo. Ndawerenga funso lanu loti muitenge kapena mudikire, mtima wanga wabwerera ku Novembala wa 2019.

Ine Universal Credit sindinachite kuisankha. Bambo a ana atachoka panyumba, tax credits (thandizo lakale la boma) zomwe tinkalandira ngati banja zinaima, ndipo anandiuza kuti njira yatsala ndi imodzi basi. Paja lamulo la 2012 linatenga mathandizo asanu ndi limodzi n'kuwamanga mtolo umodzi, ndalama ya nyumba, ya ana, ya ulova, zonse pamodzi kamodzi pamwezi. Ndiye yoyamba imatuluka patatha masabata asanu. Amene anakonza zimenezi ankaganizira munthu wokhala ndi kangachepe kubanki. Ine ndinali ndi ana atatu, ntchito ya maola ochepa yosamalira okalamba, ndi lendi yomwe inali itakwana kale.

Advance ndinaikana. Ndinati ngongole ayi, ndipirira. Sabata yachitatu, Lachinayi usiku, mita ya magetsi inalira kenako nyumba yonse mdima bii. Magetsi a emergency, obwereka pamita, ndinali nditawadya kale. Kunja kukuzizira koopsa, wamng'ono ali ndi chifuwa, akutsokomola mpaka kusanza. Ndinawasonkhanitsa onse pabedi limodzi, ndinawafunditsa mabulangete ndi majekete onse a m'nyumba, ine n'kukakhala pansi kukhitchini kuti asandione ndikulira. Foni itatsala pang'ono kuzima, ndi pomwe uthenga wa landilodi unalowa, wondikumbutsa kuti lendi ikakwana miyezi iwiri akhoza kupita kukhoti. Mwana wanga wamkulu, wa zaka khumi ndi chimodzi, anabwera mwakachetechete ndi kabotolo komwe ankasungamo timakobidi take, nati amayi tengani mukagule magetsi. Munali mapaundi anayi ndi timapeni. Ndinatenga. Mpaka lero mwana uja akamva mita ikulira amadzidzimuka, ndipo ine chimenecho sindinachikhululukire aliyense, ngakhale ine mwini.

M'mawa mwake ndinaimba kuofesi ya Universal Credit. Ndinadikira pafoni nthawi yaitali, kenako bambo wina anandifunsa kuti bwanji simunatenge advance poyamba, n'kuwonjezera kuti ndiphunzire kugawa bwino ndalama. Kugawa chiyani? Palibe chomwe ndikanagawa! Munthu ameneyo sanawerenge n'komwe zomwe ndinalemba mu journal (pomwe umalemberana ndi ofesiyo pa intaneti) masiku anayi m'mbuyomo, zoti mwana akudwala. Ndipo bambo a anawa, amene ankadziwa bwino lomwe kuti ana awo ali mumdima, foni sankayankha, koma pa Facebook zithunzi amaika tsiku ndi tsiku. Landilodi yekha ndimamumvetsa pang'ono, nayenso ali ndi ngongole yake, ngakhale kalankhulidwe kake kanali konyoza.

Ndinaitenga advance ija tsiku lomwelo. Kenako kudula kunayamba. Nthawi imeneyo umabweza m'miyezi 12, ndipo ankaloledwa kudula mpaka 30 peresenti ya ndalama yako ya munthu wamkulu. Pamwamba pake anatulutsa ngongole yakale ya tax credits, akuti anatilipira mopitirira zaka za m'mbuyo, ine osadziwa n'komwe. Mwana wachitatu sanamuwerengere kalikonse, chifukwa anabadwa mu 2018, ndipo lamulo linkati wachitatu wobadwa kuyambira pa 6 Epulo 2017 alibe gawo. Mwana ameneyo amadya, amavala, amadwala ngati anzake.

China chomwe palibe anandichenjeza: kuntchito ankatilipira pa masabata anayi aliwonse, osati pamwezi. Tsono pamakhala mwezi umodzi pachaka womwe malipiro awiri amagwera m'nyengo imodzi yowerengera, kompyuta imaona ngati walemera, Universal Credit ya mwezi umenewo imatsika kwambiri. Kwa ine zinachitika ndisanapume n'komwe ku mavuto oyamba aja. Paundi iliyonse yomwe ndinkapeza kupitirira malire ankandichotsera mapeni 63. Pano ndi 55, bola, komabe ukawonjezera mashifiti umaona kuti thukuta lako theka lapita.

Ndiye achemwali, ine ndikuti ngongole imeneyi ndi msampha, inandivutitsa chaka chathunthu. Koma ngati m'nyumba mulibe ndalama yokwana lendi ndi magetsi a masabata asanu, itengeni tsiku loyamba, musachite liuma ngati ine. Musatenge yonse yomwe angakuuzeni, werengani zofunika zokhazokha. Masiku ano umabweza m'miyezi 24, ndipo kuyambira Epulo 2025 kudula nthawi zambiri sikupitirira 15 peresenti, si zomwe tinaona ife.

Pitani ku Citizens Advice musanadzaze fomu, ali ndi anthu othandiza pa zimenezi ndipo salipiritsa. Chilichonse chomwe mwauzidwa pafoni, chilembeni mu journal tsiku lomwelo, ngakhale ine zanga sanawerenge, pambuyo pake ndi zomwezo zinandithandiza podandaula. Akakudulani molakwika muli ndi mwezi umodzi wopempha kuti aunikenso. Landilodi muuzeni lero, musadikire kuti ayambe iye kulemba. Ku food bank, komwe amapereka chakudya chaulere, musachite manyazi, ine ndinapita kawiri, anandilandira bwino kuposa abale ena.

Enanu amene mukuwerenga, yang'anani kaye mapepala anu. Ngati visa yanu ikuletsa kulandira thandizo la boma, musayerekeze kudzaza fomuyi, mungawononge tsogolo la mapepala anu.

Achemwali, tandiuzani ku inbox tsiku lomwe amakulipirani kuntchito ndi tsiku lomwe lendi imakwana, tiwerengere limodzi usiku uno ndikaweruka.