Loya akuti andilipira tikapambana mlandu: yankho langa kwa injiniya mnzanga

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa injiniya wachinyamata wa kwathu amene akugwira ntchito ku Durban. Loya wina wamupempha kuti alembe lipoti la ming'alu ya m'nyumba zatsopano zimene eni ake akusumira kontrakitala, ndipo akuti malipiro adzabwera mlandu ukawakomera. Akufunsa ngati avomere.

Achimwene, imelo yanu ndinaiwerenga katatu, ndipo usiku umenewo tulo sitinabwere. Mwanditokosa pachilonda.

Zofanana ndi zimenezi zinandichitikirapo ine. Nthawi imeneyo n'kuti ndangoyamba kudziimira pandekha kuno ku Gauteng, ku South Africa. Ofesi yanga inali tebulo la kukhitchini, lendi inali itapanikiza, ndipo kumudzi mayi anali kudwala, foni imangolira. Ndiye panabwera ntchito ya nyumba zogundizana mbali ya ku Pretoria. Eni nyumba anasonkherana ndalama kuti asumire amene anawamangira, chifukwa makoma anali atang'ambika. Loya wawo anandilandira bwino, khofi patebulo, n'kunena kuti akufuna lipoti lamphamvu, ndipo theka la malipiro anga lidzatuluka pamapeto.

Nyumba yoyamba kulowa inali ya mayi wina wachikulire amene anaigula ndi ndalama za penshoni. Mng'alu unayambira pakona ya zenera la kuchipinda n'kutsika mopendekeka mpaka pansi. Kumtunda unali wotakasuka moti ndalama yachitsulo ya R5 imalowa bwinobwino. Mayiwo anali atatsekamo nyuzi zopindapinda kuti mphepo ya mu June isawapeze pabedi. Anandigwira mkono n'kundifunsa ngati khomalo lingawagwere ali mtulo.

Ndinakumbitsa maenje awiri m'mbali mwa maziko. Konkire inali bwino, kuya kwake kunali kogwirizana ndi pulani. Koma dothi linali la makande, lija limafufuma likamwa madzi n'kunyala likauma. Paipi yotsitsa madzi a padenga imathira penipeni m'tsinde mwa khoma, ndipo paipi ina ya pansi inali ikudontha kwa miyezi yambiri popanda wokonza. Kontrakitala anali ndi kulakwa kwake, sanaike konkire yozungulira nyumba yothamangitsa madzi. Koma mbali ina ya vutolo inali ya eni nyumba okha, kusasamala mipaipi.

Zonsezi ndinalemba. Loya anandiimbira madzulo, mawu ofewa, akuti ndime ya paipi yodontha ija ingosokoneza woweruza. Ndinaichotsa. Palibe anandiopseza. Ndinangowerengera theka la ndalama zanga zimene zinali pamapeto pa mlanduwo, dzanja langa lomwe n'kufufuta.

Kuno akatswiri a mbali ziwiri amakumana mlandu usanalowe, n'kulemba zimene agwirizana ndi zimene asiyana. Wa mbali inayo anali bambo wa imvi. Sanakweze mawu. Anangotulutsa chithunzi cha dzenje langa lomwe lija, madzi ali thawale pansi pake, n'kundifunsa kuti madziwo ndinawaona kapena ayi. Ndinawaona. Ndinasaina kuti ndinawaona. Kuchokera pamenepo ngakhale zoona zimene ndinalemba zokhudza kontrakitala zinapepuka, chifukwa mboni ikagwidwa kamodzi ikubisa, mawu ake onse amakayikitsa. Mlandu unathera kunja kwa khoti ndi ndalama zochepa, zambiri n'kupita kwa maloya ndi kwa ife akatswiri. Patapita zaka ziwiri ndinadutsako. Nyuzi zija zinali zikadali m'khoma.

Anthu amati ntchito imeneyi ndi bizinesi ngati ina iliyonse. Ndikukana. Mboni ya ukatswiri imalipidwa ndi mbali imodzi koma imalankhula kwa khoti, ndipo ku England anachita kuzilemba m'malamulo a makhoti, pa Part 35, kuti udindo wa katswiri kwa khoti umaposa udindo wake kwa amene akumulipira. Loya akhoza kugwira ntchito yolipidwa akapambana, lamulo la kuno la 1997 limamulola, bola asapitirire 25 peresenti ya ndalama zimene kasitomala wapata. Iyeyo ndi womenyera mbali yake, aliyense amadziwa. Inu si womenyera mbali. Tsiku limene thumba lanu lamangiriridwa ku chigamulo, maso anu amayamba kusankha zoti aone, ndipo simudzazindikira n'komwe kuti zayamba liti.

Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ife timaitanidwa mochedwa, zinthu zitavuta kale, pamene aliyense akufuna woti amuloze chala. Pa 6 May 2024 nyumba yosanjikizana imene imamangidwa mu mzinda wa George, kuno ku South Africa, inagwa n'kupha anthu 34, ndipo pakati pa amene anakwiririka panali anzathu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe, anthu amene anabwera kudzaponda matope kuti ana kumudzi apite kusukulu. Ku Surfside, ku Florida m'dziko la America, injiniya anali atalemba kale mu 2018 kuti konkire ya pansi pa nyumba ya Champlain Towers South yawonongeka kwambiri. Nyumbayo inagwa mu June 2021, anthu 98 n'kufa. Kumeneko lipoti linanena zoona, anthu anachedwa kulimvera. Nanga likakhala lipoti lonama? Pepala limene timasaina pamakhala anthu ogona pansi pake.

Kwathunso ndimaona zomwezo ndikapita kutchuthi. Munthu ali ku Joni amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, mmisiri kumudzi akuchepetsa simenti, thumba limodzi kulitambasula mpaka pamene silingafike. Khoma likang'ambika palibe pepala, palibe chithunzi cha maziko asanakwiriridwe, pamangotsala kukangana pachibale. Kuno eni nyumba ali ndiko pogwira: nyumba yolembetsedwa ku NHBRC, bungwe lolembetsa omanga nyumba ndi kuteteza ogula, imatetezedwa miyezi 3 pa zolakwika zing'onozing'ono, miyezi 12 denga likamadontha, ndi zaka 5 pa vuto lalikulu la maziko kapena makoma. Ndaonapo mabanja akutaya nthawi imeneyi akudikira malonjezo a kontrakitala.

Tsono funso lanu

Musavomere. Muuzeni loyayo kuti mumalipiritsa pa ola, invoisi mwezi uliwonse, mlandu upambane kapena ugwe. Akulembereni kalata yonena mafunso amene akufuna muyankhe, ndipo inu mulembemo kuti zimene mudzapeze mudzalemba zonse. Mufunse tsiku limene eni nyumba anayamba kuona ming'alu, chifukwa kuno milandu yotere kawirikawiri imatha mphamvu pakapita zaka 3. Mng'alu uliwonse muujambule ndi rula pambali ndi deti, mubwererenso mvula ikagwa mukayezenso, ndipo musalembe za maziko musanakumbe. Akakana zimenezi, musiyeni apeze wina. Ngati lendi ndi imene yakupanikizani, ndilembereninso, ndili ndi ntchito ziwiri zoyendera nyumba ku KwaZulu-Natal zimene ndikusowa wondithandiza.