Kodi chikwama cha madzi cha kumsana chingathandize pa dzuwa la ku Chigwa cha Shire?

Bambo wina amene ndi mlangizi wa zaulimi m'dera la Ngabu wandilembera imelo kufunsa ngati n'koyenera kugula chikwama chobereka kumsana, chija chimakhala ndi thumba la madzi ndi kapaipi koyamwira. Akuti amakhalira kupalasa njinga poyendera alimi, ndipo botolo limene amamangirira pa kaliyala limatha dzuwa lisanafike paliwombo.

Bambo, chikwamacho gulani ndithu, koma botolo lanulo musalitaye. Ubwino wake waukulu ndi wakuti munthu amamwa pang'onopang'ono manja ali pa chiwongolero, pamene wa botolo amadikira kuti kukhosi kuume kaye, kenaka n'kuima ndi kugugudiza madzi ambiri nthawi imodzi. Ndiponsotu chinapangidwira apanjinga: Michael Eidson, amene anayambitsa kampani ya CamelBak yopanga zikwamazi, anathira madzi m'thumba la diripi, naliika m'sokosi n'kulibereka pa mpikisano wa njinga ku Texas mu 1989.

Vuto ndi kuchepa kwa madzi ake. Matumba ambiri amalowa malita 1.5 mpaka 3, chonsecho mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Ngabu, Nchalo ndi Nsanje kumatha kupyola madigiri 40, ndipo munthu wopalasa njinga pa dzuwa lotero angathe kutaya lita yathunthu ya thukuta pa ola limodzi. Ngakhale thumba lalikulu silingakufikitseni madzulo. Kumbukiraninso kuti lita iliyonse imalemera kilogalamu imodzi, ndipo chikwamacho chimatchinga mphepo kumsana, choncho madzi owonjezera akhale m'chigubu pa kaliyala. Musadalire kukatunga m'njira, pakuti mijigo ina ya m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere ovuta kumwa. Tsiku limene mwatuluka thukuta kwambiri, sungunulani paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi, koma m'botolo lapadera.

Pamene ambiri amalephera ndi pa ukhondo, ndipo apa mundimvetse bwino. Thumba lapulasitiki lonyowa likakhala lotseka pa kutentha kwathu kuno, limayamba kuterera m'kati, ndipo m'kapaipi mumamera timadontho takuda ta chuku timene simungatione pokhapokha mutakayang'ana kapaipiko pa dzuwa. M'thumbamo muzithira madzi okha basi. Thobwa, Sobo kapena tiyi zimasiya shuga m'malo amene dzanja silifika. Madziwo akhale owiritsa kapena othira WaterGuard, mutadikira mphindi 30, chifukwa kolera ya mu 2022 ndi 2023 sinasiye chigwa chino. Madzulo alionse tsukani thumba ndi sopo, tulutsirani madzi otsukirawo kudzera m'kapaipi, kenaka lowetsanimo chipande choyera kuti mbali zake zisamatane, n'kulikoleka chozondoka pamthunzi mpaka liume. Poyamwira pa kapaipi muziphimba, poti misewu yathu ndi ya fumbi ndi ndowe za ng'ombe. Mukamwa, uzirani m'kapaipi kuti madzi otsalamo abwerere m'thumba, apo ayi mudzayamwa madzi otentha ngati a tiyi.

Za kogula, chikwama chenichenicho mungachipeze pa kaunjika, koma thumba la madzi logwiritsidwa ntchito kale ine sindingalilole pakamwa panga, ngakhale litatsika mtengo chotani. Gulani latsopano, la pakamwa papakulu polowa dzanja, ndipo musanalipire lithireni madzi n'kulifinya kuti muone ngati silikudontha polumikizira kapaipi.

Popeza thumba limakhala kumbuyo, simuona kuchuluka kwa madzi otsala, choncho muzilisuzumira mukaima pa mudzi uliwonse. Muziyang'ananso mkodzo wanu: ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, madzi akuchepa m'thupi. Mukayamba kumva chizungulire kapena litsipa, tsikani pa njinga, khalani pamthunzi, dzithireni madzi ndi kumwa pang'onopang'ono, ndipo ngati sizikusintha wina akuperekezeni ku chipatala msanga.