Kompyuta sikuonetsa cholakwa, koma abwana akundibwezera kalata

Owerenga athu ena atitumizira imelo iyi: "Ndimalemba makalata a ku ofesi m'Chingerezi. Ndikamaliza, kompyuta sionetsa mzere wofiira paliponse, koma abwana amandibwezerabe kalatayo atazunguliza mawu ena ndi cholembera. Kodi ndimaphonya pati?"

Zikomo potilembera. Nkhani yagona pa mmene mzere wofiira uja umabwerera. Kompyuta imaulemba ikapeza mawu omwe mulibe m'dikishonale yake. Mukalemba mawu enieni a Chingerezi pamalo polakwika, kawirikawiri imangokhala chete. Zolakwa zomwe abwana anu akuzunguliza zambiri n'zamtundu umenewu, ndipo chilichonse chili ndi njira yake yochigwirira.

Tiyambe ndi nkhodolero, kachizindikiro kam'mwamba kaja timalemba mu "m'nyumba". M'Chingerezi kamagwira ntchito ziwiri: kusonyeza kuti lembo lachotsedwa, ndi kusonyeza umwini. "It's" ndi chidule cha "it is" kapena "it has". "Its" yopanda nkhodolero ndiyo yaumwini, ngati "yake" kapena "chake". Anthu amasokonezeka chifukwa anaphunzira kuti umwini umafuna nkhodolero, monga mu "the manager's office". Izo n'zoona pa mayina, koma alowam'malo aumwini, "his", "hers", "ours", "its", alibe nkhodolero. Njira yoyesera n'njosavuta: tambasulani chidulecho. Mukalemba "The company changed it's address", werengani kuti "changed it is address". Sizikumveka, ndiye chotsani nkhodoleroyo. Chimodzimodzi "you're" ndi "your", komanso "they're" ndi "their". Pa mayina, malo a nkhodolero amauza owerenga chiwerengero cha eni chinthu: "the employee's files" ndi mafayilo a munthu mmodzi, "the employees' files" ndi a anthu ambiri. Kuchulukitsa dzina kokha sikufuna nkhodolero; "two report's" n'kulakwitsa.

Kenaka pali mawu osiyana lembo limodzi lokha. "Lose" n'kutaya, "loose" n'chinthu chokhwefuka. "Advice" ndi dzina, "advise" ndi mneni. M'Chingerezi cha ku Britain, "practice" ndi "licence" ndi mayina, pomwe "practise" ndi "license" ndi aneni. Ku America zili zina: "practice" ndi "license" zimagwira ntchito zonse ziwiri. Kusiyana ngati kwa "colour" ndi "color", kapena "centre" ndi "center", kunafala kwambiri kudzera m'dikishonale ya 1828 ya Noah Webster wa ku America. Palibe kalembedwe kolakwika pa awiriwa. Cholakwika n'kuwasakaniza m'kalata imodzi. Onani chiyankhulo chomwe kompyuta yanu yatcheredwa, chifukwa zambiri zimabwera zili pa Chingerezi cha ku America.

Kwa ife oyankhula Chichewa pali msampha wina: l ndi r. M'chiyankhulo chathu malembo awiriwa sasintha tanthauzo la mawu, choncho khutu silinazolowere kuwalekanitsa. M'Chingerezi "Please collect the forms" ndi "Please correct the forms" ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo kompyuta singakutsutseni pa chilichonse mwa ziganizozi. Momwemonso "iye" ndi mmodzi kwa mwamuna ndi mkazi, n'chifukwa chake "he" amalowa pamalo pa "she" munthu osazindikira. Nako "kubwereka" timanena kwa wopereka ndi wolandira yemwe, koma Chingerezi chimagawa: wopereka ndi "lend", wolandira ndi "borrow". "Borrow me your pen" ayi. Ndi "Lend me your pen".

Za galamala tingotchula zomwe zimaonekaoneka m'makalata a ntchito. Mayina monga "information", "equipment", "furniture", "luggage" ndi "advice" sawerengeka, ndiye salandira -s kapena "an". Mukafuna kuwerenga, nenani "two pieces of equipment". Mneni "discuss" safuna "about" pambuyo pake, ndipo mneni "request" safuna "for". Nthawi yakale imaonetsedwa kamodzi kokha: "did" wanyamula kale nthawiyo, choncho ndi "I did not receive", osati "I did not received". Chovutirapo n'kugwirizanitsa mneni ndi mwininkhani pamene pakati pawo palowa mawu ena. Mu "The list of names is attached", chomwe chamatidwa ndi mndandanda, umodzi, osati mayinawo. Dzanja limathamangira "are" chifukwa "names" ndiye ali pafupi. Phimbani ndi chala mawu oyamba ndi "of" aja, muone chotsalacho. Ndipo "a" kapena "an" zimatsatira kamvekedwe, osati lembo: "an hour", koma "a university".

Mpatuliro ndiye ufunika kuukhalira pansi, chifukwa umatha kusintha zomwe kalata ikunena. Cholakwa chofala n'kulumikiza ziganizo ziwiri zathunthu ndi mpatuliro wokha: "I sent the invoice, it has not been paid." Mbali iliyonse ili ndi mwininkhani ndi mneni wake, ndiye itha kuima payokha. Ikani mpumiro, kapena onjezani mlumikizi monga "but". Ambiri amayesa "however" ndi mlumikizi ngati "but", koma si choncho. Ikamayamba ganizo lachiwiri, musanailembe ikani mpumiro kapena semicolon (;), mukailemba ikani mpatuliro: "I sent the invoice. However, it has not been paid."

Tsopano taonani ziganizo ziwiri izi. "The drivers who came late were warned." Apa ochenjezedwa ndi madalaivala ochedwa okhawo; ena anafika bwino. "The drivers, who came late, were warned." Apa madalaivala onse anachedwa ndipo onse anachenjezedwa. Mawu ndi omwewo, koma mipatuliro iwiri yapalamulitsa anthu osalakwa. Dzifunseni: ndikachotsa kachigawo koyamba ndi "who" kaja, kodi owerenga adziwabe anthu amene ndikunena? Ngati adziwa, katsekereni ndi mipatuliro mbali zonse ziwiri. Ngati sadziwa, musaikepo mpatuliro ndi umodzi womwe. M'kalata yodzudzula antchito kapena m'pangano, ife timaona kuti cholakwa ichi n'chachikulu kuposa sipelo iliyonse yolakwika.

Masipelo enieni kompyuta imawagwira, koma polemba pamanja mulibe wokuthandizani. Lamulo lothandiza ndi la kubwereza lembo lomaliza musanaike -ed kapena -ing: kawirikawiri mumabwereza ngati mawuwo akuthera ndi lembo la liwu limodzi (a, e, i, o, u) lotsatiridwa ndi lembo lopanda liwu limodzi, ndipo mphamvu ya katchulidwe ili pa phatikizo lomaliza. N'chifukwa chake pali "referred", "occurred" ndi "beginning", koma "offered" ili ndi r mmodzi. A ku Britain amabwereza l ngakhale mphamvu isali pamenepo, monga "travelled". Ena ngongoloweza: "accommodation" ili ndi c awiri ndi m awiri, "necessary" c mmodzi ndi s awiri, "separate" ili ndi a pambuyo pa p, ndipo "a lot" ndi mawu awiri.

Musanatumize kalata, dinani Ctrl ndi F, mufufuze "its", "their", "your", "loose", "however" ndi "who", chilichonse muchiyese ndi njira taperekazi. Kenaka werengani kalatayo mokweza, kuyambira chiganizo chomaliza kubwerera m'mwamba, kuti maso asadumphe mawu chifukwa chodziwa kale nkhani. Makalata omwe abwana anazunguliza aja musataye. Lembani papepala mawu onse ozungulizidwawo, ndipo omwe akubwera mobwerezabwereza muwaonjezere pa mndandanda wa zofufuza uja.