Ndevuzo metani achemwali, koma tikambirane za msambo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wa ku Lizulu amene wapempha kuti ndisamutchule dzina. Ali ndi zaka 26, ndipo amagulitsa kabichi ndi kachewere m'mbali mwa msewu wa M1. Walemba zambiri, koma pakati pa nkhani ndi apa: "Asisi, ndevu zinayamba kundimera ndili Fomu 3. Zinali zitatu zokha pachibwano, pano zafika m'masaya ndi pachifuwa. M'mawa uliwonse ndimazula ndisanapite kumsika, moti pachibwano panada bii. Azakhali amati ndikayerekeza kumeta ndi lezala zidzachuluka. Anzanga a pamsika tikangosemphana mawu amati mkazi wa ndevu ndi mfiti. Chinkhoswe changa chili mu Ogasiti. Kodi alipo mankhwala oti zitheretu?" Kumapeto kwenikweni, ngati chinthu chongokumbukira, anawonjezera kuti: "Kumwezi ndimapita mwina katatu pachaka, koma zimenezo sizindivuta."

Achemwali, mawu omalizawo ndi amene andikhazika pansi kuti ndilembe. Inu mwaika ndevu patsogolo chifukwa ndi zimene anthu amaona, koma ine ndaona msambo wosowawo. Ziwirizi kawirikawiri zimachokera pa muzu umodzi. Sindine dokotala. Ndine mayi wa pa Dedza pano amene ndakhala ndi vuto lomweli zaka zoposa khumi ndi zisanu, ndipo kachitsulo kozulira nsidze ndimakadziwa bwino kuposa mthiko.

Thupi la mkazi aliyense limapanga mahomoni achimuna pang'ono (mahomoni ndi timadzi ta m'magazi toyendetsa ntchito za thupi). Ena amachokera m'timatumba ta mazira, ena m'tiziwalo tokhala pamwamba pa impso. Akachulukirapo, kapena mizu ya tsitsi ikamawamva msanga, cheya chofewa chija chosaoneka chimasanduka tsitsi lokhuthala ndi lakuda m'malo amene timazolowera kuliona kwa abambo: pachibwano, pamwamba pa mlomo, pakati pa mabere, mzere wotsika kuchokera pamchombo, m'ntchafu ndi kumsana. Madokotala amati hirsutism. Kwa amayi ambiri chimayambitsa ndi vuto lotchedwa polycystic ovary syndrome, mwachidule PCOS. Silachilendo ayi. Madokotala awiri a ku Chicago, Stein ndi Leventhal, analifotokoza kale mu 1935, ndipo bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati limakhudza pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi khumi a msinkhu wobereka, ndi kuti mpaka 70 mwa 100 alionse amene ali nalo sanapezekepo nalo kuchipatala. Tawerengani amayi amene mumayala nawo malonda pa Lizulu tsiku la msika. Simuli nokha, kungoti enawo amazula usiku.

Tiyambe ndi azakhali anu, poti nawonso amanena mwachikondi. Lezala sachulukitsa ndevu. Amadula tsitsi pamwamba pa khungu, muzu saufika n'komwe. Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti tsitsi losametedwa limakhala ndi nsonga yosongoka yofewa, pamene lometedwa limaphuka ndi nsonga yodulidwa, yolasa ngati chiputu cha udzu womwetedwa. Ukaligwira limamveka lokhakhala, ndiye umati lakula mphamvu. Komanso ambirife timayamba kumeta nthawi imene vutolo likukulirakulira palokha, mlandu n'kugwera lezala.

Kuzula kumene mukuchitako ndi kumene kwadetsa chibwano chanu. Ine ndinkachita chimodzimodzi. Ndinali ndi kagalasi kosweka kamene ndinkakatsamiritsa pawindo la kum'mawa, chifukwa dzuwa la sikisi koloko limaonetsa katsitsi kalikonse. Ndinkakhala pamenepo mpaka phala kuzizira, chibwano chili psuu, mwina kamagazi kakutuluka. Tsitsi lathu ndi lopotana, ndiye likaduka pansi pa khungu limapindika n'kumakulira m'kati. Pamatuluka kachiphuphu, ukakafinya pamatsala banga lakuda, ndipo mabangawo amatenga miyezi kuti azimirire. Mwezi wa Juni kuno ku Dedza ndinkaukonda kwambiri, chifukwa aliyense amakhala atakulunga sikafu mpaka kumphuno ndipo palibe amakufunsa. Okutobala ndiye anali mdani wanga.

Masiku ano ndimameta. Ndimayamba ndanyowetsa nkhope ndi madzi ofunda, kupaka thovu la sopo lokwanira, n'kuyendetsa lezala motsatira kumene tsitsi lagonera, osati molimbana nalo, komanso osakoka khungu. Ndikamaliza ndimatsuka ndi madzi ozizira n'kupaka Vaseline pang'ono. Lezala akhale wanuwanu, wakuthwa, wosabwerekana ndi wina aliyense ngakhale amuna anu. Ngati khungu lanu limatulukabe tiziphuphu, kamakina kometera kamene kamasiya katsitsi kafupifupi ndi kabwino kuposa lezala wopala mpaka mbee. Mafuta osungunula tsitsi a m'mashopu muziyamba mwawayesa pamkono, ndipo asafike pamene pali bala. Mankhwala owongolera tsitsi la kumutu asayandikire nkhope yanu, amawotcha.

Pali msampha wina umene ndikufuna muupewe, makamaka poti chinkhoswe chayandikira. Mabanga akuda aja amakopa munthu kugula timachubu toyeretsa khungu ta pamsika. Tambiri mwa ito timakhala ndi mankhwala a steroid monga clobetasol kapena betamethasone. Masabata oyamba nkhope imawala, koma ukapitiriza khungu limapyapyala, ziphuphu zimabuka, ndipo cheya chimachuluka pamalo pomwe ukupakapo. Ndiye kuti wagula ndevu zina ndi ndalama zako.

Tsopano msambo. Mwati sizikuvutani, ndipo ndikumvetsa, ndani amakusangalalira kumwezi? Koma mu PCOS chimene chimachitika n'chakuti dzira silikhwima n'kutuluka mwezi ndi mwezi. Likapanda kutuluka, khoma la m'kati mwa chiberekero limangokhuthalirakhuthalira osakhetsedwa. Zikapitirira zaka zambiri, zimakweza chiopsezo cha khansa ya khoma la chiberekerolo, yomwe ndi yosiyana ndi ya khomo la chiberekero imene amayeza ku sikelo ija. N'chifukwa chake madokotala amati mayi akadutsa masiku 90 osasamba, pamene alibe pakati, sakuyamwitsa, ndiponso sali pa jakisoni kapena njira ina yolera yoimitsa msambo, akaonedwe. Mankhwala oteteza chiberekero alipo ndipo si ovuta. Za jakisoni wa Depo ndazitchula dala, chifukwa kusasamba kobwera ndi jakisoniyo ndi nkhani ina, khomalo limakhala lopyapyala osati lokhuthala.

Chinthu china chimene anthu ambiri sachidziwa ndi ubale wa PCOS ndi shuga. Matupi a ambirife samva bwino insulin, homoni yolowetsa shuga m'minofu, ndiye thupi limapanga insulin wochuluka, ndipo insulin ameneyo amakankha timatumba ta mazira kupanga mahomoni achimuna ambiri. Tadziyang'anani kumbuyo kwa khosi ndi m'khwapa. Mukapeza khungu lakuda, lokhuthala, losalala ngati veleveti, si litsiro. Mayi anga anandikwechapo ndi mwala wotsukira mapazi mpaka kusupuka, poganiza kuti ndine wauve, chonsecho chinali chizindikiro cha insulin wochuluka. Choncho yezetsani shuga ndi BP ngakhale mukudziona wathanzi, ndipo muzibwereza pakapita chaka kapena ziwiri.

Ngati muli ndi thupi lalikulu, kutsitsa 5 mpaka 10 pa makilogalamu 100 alionse kumathandiza ambiri kuti msambo uyambenso kubwera. Munthu wa makilogalamu 80 ndiye kuti atsitse 4 mpaka 8 basi. Pano inu muli ndi mwayi umene anthu a m'tauni alibe, poti mumakhala pakati pa kabichi, nyemba, kaloti ndi tomato tsiku lonse. Koma ndimawadziwa amayi a pamsika: masamba amagulitsa, iwo nkhomaliro yawo ndi tchipisi cha pachiwaya ndi botolo la chakumwa chozizira. Chepetsani zimenezo ndi shuga wa mu tiyi, nsima ikhale ya mgaiwa, ndiwo zichuluke kuposa mitanda, ndipo muziyenda ndawala. Dziwaninso kuti alipo amayi owonda amene ali ndi PCOS, ndiye wina asakuuzeni kuti mwadzichititsa nokha ndi kudya.

Funso lanu lenileni linali la mankhwala oti zitheretu. Ndinene mosabisa: palibe piritsi, muzu kapena mafuta amene angachotse ndevu zonse n'kusabwereranso. PCOS siichizika, imasamalidwa. Mankhwala amene madokotala amayamba nawo ndi mapiritsi olera a mahomoni awiri, omwe aja opezeka ku kulera. Amachepetsa mphamvu ya mahomoni achimuna, amakonza msambo, amateteza chiberekero. Akapanda kukwanira, ena amawonjezeredwa spironolactone. Metformin, yemwe mumamudziwa ngati mankhwala a shuga, amathandiza ku mbali ya insulin ndi msambo, koma pa ndevu mphamvu yake ndi yochepa. Zonsezi zimafuna kudekha, chifukwa tsitsi limasintha pang'onopang'ono ndipo pamatenga miyezi isanu ndi umodzi kuti uone kusiyana. Ine ndinatsala pang'ono kusiya pa mwezi wachitatu. Chimene ndinadzaona pambuyo pake si kutha kwa ndevu, koma kuti ndinkameta kawiri pasabata m'malo mwa tsiku lililonse.

Musakagule nokha mankhwalawa. Mapiritsi a mahomoni awiri sayenera kwa mayi wa BP yokwera, wodwala mutu waching'alang'ala umene umayamba ndi kuona zinthu zothwanima, kapena amene magazi anaundanapo m'mitsempha. Spironolactone amatha kusokoneza kakulidwe ka mwana wamwamuna m'mimba, ndiye samwedwa popanda njira yolera yodalirika. Apa ndi pamene Ogasiti wanu akulowerapo. Ngati mukufuna mwana chaka chomwe chino, mankhwala a ndevu adikire kaye, lezala agwire ntchito. Ndipo musadziweruziretu kuti ndinu wosabereka. Amayi ambiri a PCOS amatenga pakati, ena mwachibadwa, ena atathandizidwa ndi mankhwala okhwimitsa dzira monga letrozole kapena clomiphene. Ine ndili ndi awiri, ndipo wachiwiriyo anabwera ndisakumuyembekezera n'komwe.

Za laser, njira yowotcha mizu ya tsitsi ndi kuwala kwa makina, mwina mwaziona pa Facebook. Imachepetsadi tsitsi kwa nthawi yaitali, koma imafuna maulendo angapo, ndalama zake si za kabichi, ndipo pa khungu lakuda ngati lathu makina olakwika amawotcha n'kusiya zipsera. Woyenera khungu lakuda ndi wotchedwa Nd:YAG. Amene akuyendetsa makinawo akalephera kukuuzani mtundu wake, nyamukani.

Poti muli pa Lizulu, chipatala cha boma cha Ntcheu kapena cha Dedza mukhoza kufikako pa minibasi imodzi, ndipo zikafunika akatswiri a matenda a amayi amatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Pitani mutakonzeka. Lembani m'kope masiku onse amene mwasamba amene mukuwakumbukira, tengani buku lanu la kuchipatala, ndipo jambulani chibwano pa foni musanazule, chifukwa mukafika nkhope ili see adzaganiza kuti mukukokomeza. Ndikunena izi chifukwa ulendo wanga woyamba pa chipatala china, amene anandiona anangoseka n'kunena kuti akazi a ndevu amakhala ndi mwayi wa ndalama, ndinabwerera ndi panado. Ulendo wachiwiri ndinayamba ndi mawu akuti "chaka chino ndasamba katatu kokha", ndipo cholembera chinayamba kuyenda. Madokotala amatsatira mfundo zimene anagwirizana ku Rotterdam m'dziko la Netherlands mu 2003, zakuti pakhale ziwiri mwa zitatu izi: msambo wodumphadumpha, zizindikiro za mahomoni achimuna ochuluka, ndi timatumba ta mazira tooneka ndi timadontho tambiri pa sikani, atatsimikiza kaye kuti si pakati, si chithokomiro kapena vuto lina. Akakuuzani kuti pa sikani paoneka ma cyst musathamangire kulira. Si zotupa zofuna opaleshoni, ndi timazira timene tinaima panjira tisanakhwime. Muwauzenso mankhwala alionse amene mukumwa, chifukwa ena a khunyu amachulukitsa tsitsi, koma musawasiye panokha.

Zanu zinayamba pang'onopang'ono muli kusekondale, ndipo umo ndi mmene PCOS imayendera. Koma kwa wina amene akuwerenga: ngati ndevu zabuka mwadzidzidzi m'miyezi yochepa, mawu ayamba kukhala a besi, dazi likubwera, kapena kumaliseche kukusintha, musadikire tsiku la msika lidutse. Nthawi zina chimakhala chotupa cha m'thumba la mazira kapena cha pamwamba pa impso, ndipo chimafuna kuonedwa msanga.

Anzanu a pamsikawo sindiwataira nthawi yambiri. Ufiti wanji umene umachepa munthu akamamwa mapiritsi olera? Ingodziwani kuti lamulo la dziko lino la Witchcraft Act, la mu 1911, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndiye akapitiriza, wapampando wa msika kapena apolisi alipo.

Bwenzi lanulo muliuze chinkhoswe chisanafike. Simungakwanitse kudzuka folo koloko moyo wanu wonse kuti muzule iye asanadzuke, ine ndinayesa miyezi inayi. Tsiku limene ndinalimba mtima kuwauza bambo a kunyumba kuno, anandiyang'ana n'kunena kuti anaziona kalekale tili pachibwenzi, chimene chinkawadabwitsa ndi kumene malezala awo ankapita. Mukamapita kuchipatala muwatenge, amve okha kuchokera kwa adokotala nkhani ya msambo ndi ya mwana, kuti mawa achibale akayamba kuwerenga miyezi asadzakhale mbali yawo. Mundilemberenso mukabwerako, ndimve zimene akuuzani za shuga.